Kuunika achinyamata pa nkhani ya mowa: kafunsidwe komwe kamatulutsa zoona

Funso lakuti "mumamwa mowa?" ndinalifunsa kwa zaka zambiri, ndipo yankho linkangokhala limodzimodzi: "Ayi adokotala, ndimangolawa mwa apo ndi apo." Ndinkalemba m'buku kuti sakumwa kwenikweni, mnyamata n'kutuluka ndi panado wake wa mutu. Ena mwa omwewo ndinkadzakumana nawonso Lamlungu m'mawa atasokedwa pachipumi, kapena mwendo utathyoka pa njinga yamoto. Sindiwaimba mlandu wonama, chifukwa funso langalo ndi lomwe linali lobowoka.

Achinyamata ambiri a zaka 18 mpaka 25 samwa tsiku ndi tsiku. Amatha sabata yonse osalawa, kenako Loweruka, kapena tsiku lomwe ndalama yalowa, n'kumwa mowa wa sabata yonse usiku umodzi. Kamwedwe kameneka ndi komwe kamabala ngozi zapamsewu, ndewu, kugonana mosadziteteza ndi kuiwala mankhwala, koma mwini wake sadziona ngati chidakwa. Malangizo awa ndi a anamwino, ma clinical officer, alangizi a zaumoyo, aphungu a m'makoleji ndi aliyense amene amakhala pansi ndi achinyamata pa nkhani za umoyo wawo.

## Zofunika kukhala nazo

- Mafunso a AUDIT. Ndi mafunso 10 omwe anakonzedwa ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, ndipo salipiritsa. Atatu oyambirira pawokha amatchedwa AUDIT-C. Alembeni m'Chichewa pakhadi lolimba, malikisi ake pambali.
- Zotengera zopanda kanthu zomwe anthu a m'dera lanu amamweramo: botolo la Green, paketi ya Chibuku, kabotolo ka 200 ml ka mowa waukali, botolo la Fanta lomwe amayezera kachasu, ndi kapu ya toti. Zisungeni m'katoni pansi pa tebulo.
- Foni yowerengetsera masamu.
- Malo omwe wina sangamve. Ngati chipinda chili ndi katani chabe, ndi bwino kutuluka n'kukakhala pansi pa mtengo kusiyana ndi kufunsa mzere wonse ukumvetsera.
- Mndandanda wa komwe mungatumize munthu, wolembedwa musanayambe ntchitoyi.
- Mphindi zisanu kwa munthu aliyense, khumi kapena khumi ndi zisanu kwa amene afunika uphungu.

## Gawo 1: Funsani aliyense, osasankha nkhope

Aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo amene wabwera, kaya ndi malungo, kaya kulera, kaya kudzatenga ma ARV, afunsidwe kamodzi pa chaka. Lowetsani mafunsowa pakati pa ena amasiku onse, monga a fodya, tulo ndi kadyedwe.

Chenjezo: mukamasankha ofunsa, mudzangofunsa a maso ofiira ndi onunkha mowa, amene vuto lawo lakhwima kale. Mtsikana wa kwaya wovala bwino ndi mnyamata wa pakoleji wolankhula mwaulemu adzakudutsani, pomwe ndi amene mukanawathandiza ndi mawu ochepa chabe. Wochepera zaka 18 ali ndi mafunso ake ena otchedwa CRAFFT.

## Gawo 2: Pemphani chilolezo, lonjezani chinsinsi

Ngati wabwera ndi kholo, mnzake kapena chibwenzi, apempheni mwaulemu adikire panja. Kenako nenani motere: "Achimwene, pali mafunso ochepa okhudza mowa omwe timafunsa aliyense wobwera kuno. Zomwe tikambirane zithera m'chipinda muno, pokhapokha moyo wanu kapena wa munthu wina utakhala pachiswe. Ndingakufunseni?"

Mawu akuti "aliyense" ndi amene amamasula munthu. Muzimutchula kuti "inu" ngakhale ali wamng'ono kwa inu ndi zaka 30. Mukangoyamba ndi "iwe", mwasanduka malume ake, ndipo malume sauzidwa zakubala.

Chenjezo: munthu amene waledzera panthawiyo safunsidwa mafunso awa. Muoneni ngati wavulala m'mutu, muyezeni shuga, mugonekeni chammbali kuti asatsamwe masanzi, ndipo mafunso adikire tsiku lina.

## Gawo 3: Sandutsani zomwe amamwa kukhala miyeso

Apa ndi pomwe ambiri timagwera, choncho ndichedwapo.

Mafunso a AUDIT sawerenga mabotolo, amawerenga miyeso. Muyeso umodzi, malinga ndi WHO, ndi magalamu 10 a mphamvu yeniyeni ya mowa. Kuti mupeze magalamuwo, chulukitsani mamililita ndi peresenti yolembedwa pabotolo, muchulukitsenso ndi 0.79, kenako mugawe ndi 100. Simukuyenera kuchita masamuwa pamaso pa munthu aliyense. Achiteni kamodzi, mulembe kuseri kwa khadi:

- Botolo la 330 ml la mowa wa 5%: magalamu 13, kuposa pang'ono muyeso umodzi. Mabotolo asanu akwana kale miyeso 6.
- Paketi ya Chibuku ya lita imodzi: mphamvu yake imakwera pamene ukusasa, koma muiwerengere miyeso itatu.
- Kabotolo ka 200 ml ka mowa wa 40%: magalamu 63, miyeso 6. Kamodzi kokha.
- Botolo la Fanta la 300 ml lodzaza kachasu: mphamvu ya kachasu imasiyana malinga ndi wotcheza, koma mukauwerengera ngati mowa wa 40%, ndi miyeso 9 kapena kuposerapo.
- Masese a m'chipanda: yerekezani kukula kwa chipandacho ndi paketi ya Chibuku.

Taonani kabotolo kaja. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, mowa waukali wotchipa sunathe, unangosamukira m'timabotolo tomwe timalowa m'thumba la buluku. Mnyamata akanena kuti "ndimangomwa kamodzi basi", sakunama. Koma mukalemba 1 m'malo mwa 6, mwamuika m'gulu la anthu opanda vuto.

N'chifukwa chake ndimatulutsa katoni ija n'kunena kuti, "Tandilozerani chomwe mumamwera." Munthu amaseka kaye, kenako n'kunyamula botolo la Fanta, kuika chala pakati n'kunena kuti, "Kufika apa, kawiri." Chala chimenecho chimanena zoona kuposa pakamwa.

Chenjezo: achinyamata amamwa mosonkherana. Akati "tinamwa mabotolo anayi", funsani kuti munali angati, ndipo inuyo munamwapo wochuluka bwanji. Funsaninso ngati amasakaniza, chifukwa ambiri amayambira kachasu kunyumba kapena kushabini kuti akafike kubala atatenthedwa kale, ndipo woyambirirawo sauwerengera. Musaiwale kutchula mayina: ena akamva "mowa" amaganiza wam'botolo wokha, masese ndi vinyo amaziona ngati zakumwa wamba.

## Gawo 4: Funsani mafunso atatu oyambirira

Muuzeni kuti aganizire za miyezi 12 yapitayi.

Funso 1. Mumamwa mowa kangati? Samwa konse, 0. Kamodzi pamwezi kapena kucheperapo, 1. Kawiri mpaka kanayi pamwezi, 2. Kawiri kapena katatu pasabata, 3. Kanayi kapena kuposa pasabata, 4.

Funso 2. Tsiku lomwe mwakhala pansi kuti mumwe, mumamwa wochuluka bwanji? Muyeso 1 kapena 2, malikisi 0. Miyeso 3 kapena 4, 1. Miyeso 5 kapena 6, 2. Miyeso 7 mpaka 9, 3. Miyeso 10 kapena kuposa, 4.

Funso 3. Ndi kangati mumamwa miyeso 6 kapena kuposa nthawi imodzi? Sizichitika, 0. Mwa apo ndi apo, osafika kamodzi pamwezi, 1. Mwezi uliwonse, 2. Sabata iliyonse, 3. Tsiku lililonse kapena pafupifupi, 4.

Funso lachitatuli musalifunse ndi mawu akuti "miyeso". Lifunseni ndi chotengera chake: "Ndi kangati mumamaliza kabotolo aka nokha?" kapena "Ndi kangati mumafika mapaketi awiri a Chibuku?" Kwa achinyamata, ili ndi funso lolemera kuposa onse.

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza wa zaka 22 amene akuti amamwa Loweruka lokha. Funso loyamba, malikisi 2. Amamaliza kabotolo kamodzi n'kutsitsira ndi Chibuku imodzi, yomwe ndi miyeso 9, malikisi 3. Amachita zimenezi sabata iliyonse, malikisi 3. Onse pamodzi ndi 8 pa 12, kwa munthu amene mukanamulemba kuti "amamwa kamodzi pasabata".

Chenjezo: nkhope yanu isasinthe. Mukangotong'ola maso kapena kunena kuti "eee, wonsewo?", mayankho otsatira atsika ndi theka. Musamuikirenso yankho m'kamwa ndi mafunso ngati "simumwa kwambiri eti?" Akakhala chete, dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

## Gawo 5: Werengani malikisi, muone ngati mupitirize

Malire ogwiritsidwa ntchito kwambiri pa mafunso atatuwa ndi malikisi 4 kwa amuna ndi 3 kwa akazi. Malire a akazi ndi otsika chifukwa mowa wofanana umakwera kwambiri m'magazi a mkazi kuposa a mwamuna. Amene sanafike pamenepo muyamikireni mwachidule. Kwa amene wanena kuti samwa, dumphani n'kufunsa funso 9 ndi 10 okha, chifukwa mwina anasiya atakumana kale ndi mavuto.

Amene wafika kapena kudutsa malire, mufunseni asanu ndi awiri otsalawa. M'chaka chapitachi, ndi kangati:

4. munalephera kusiya mutayamba kumwa?
5. munalephera kuchita zomwe munkayenera kuchita, monga kupita kuntchito, m'kalasi kapena kumunda, chifukwa cha mowa?
6. munafunika kumwa m'mawa kuti muchotse matsire, thupi likhale m'malo?
7. munadziimba mlandu kapena kumva chisoni mutamwa?
8. munadzuka osakumbukira zomwe zinachitika usiku?

Asanuwa amapatsidwa malikisi 0 mpaka 4, mofanana ndi funso 3. Awiri omaliza ali ndi mayankho atatu okha: ayi ndi 0, inde koma osati m'chaka chapitachi ndi 2, inde m'chaka chapitachi ndi 4.

9. Kodi inu kapena munthu wina anavulalapo chifukwa cha kumwa kwanu?
10. Kodi wachibale, mnzanu kapena wachipatala anadandaulapo za kamwedwe kanu, kapena kukuuzani kuti muchepetse?

Phatikizani onse khumi, omwe amathera pa 40. Kuyambira 0 mpaka 7, chiopsezo n'chochepa. Kuyambira 8 mpaka 15, kamwedwe kafika poika moyo pachiswe, ndipo akufunika malangizo achidule. Kuyambira 16 mpaka 19, mowa wayamba kale kuononga, akufunika uphungu ndi kumuonanso kangapo. Kuyambira 20 kupita m'tsogolo, n'kutheka kuti thupi lazolowera mowa moti silingathe popanda iwo, ndipo atumizidwe kwa odziwa.

Chenjezo: malikisi si dzina la matenda. Amangokuuzani kuti muyang'anitsitse. Musalengeze kwa munthu kuti ndi chidakwa chifukwa cha nambala.

## Gawo 6: Funsani zomwe khadi silifunsa

Pali anthu ena amene ngakhale malikisi awo atakhala ochepa, mowa uliwonse ndi woopsa kwa iwo. Funsani ngati ali ndi pakati kapena akuyembekezera kutenga pakati, chifukwa palibe muyeso wa mowa wodziwika kuti ndi wabwino kwa mwana wam'mimba. Funsani ngati akumwa mankhwala a TB, omwe ena mwa iwo amalemetsa chiwindi kale, kapena Flagyl, kapena mankhwala a khunyu. Wa ma ARV mufunseni mosapita m'mbali ngati amadumphitsa mapiritsi masiku omwe wamwa. Funsani ngati amayendetsa njinga yamoto kapena galimoto atamwa, komanso ngati amaphatikiza ndi chamba kapena mapiritsi.

Mafunso awiri ndi ovuta kuwatulutsa pakamwa, koma musawalumphe. Loyamba ndi la amene wavomera funso 8: "Kodi zinachitikapo kuti munagonana ndi munthu musakufuna, kapena osakumbukira bwino?" Ngati zachitika m'maola 72 apitawa, akufunika PEP (mankhwala oteteza kuti asatenge HIV) ndi mapiritsi olera apangozi tsiku lomwelo. Lachiwiri ndi ili: "Kodi mumakhala ndi maganizo ofuna kudzipha?" Kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu. Akavomera, nkhani ya malikisi iime kaye, asachoke yekha, ndipo muitane wa matenda a maganizo.

## Gawo 7: Muuzeni zotsatira, iye alankhule kwambiri

Muonetseni khadi: "Achemwali, malikisi anu ndi 12. Kuyambira pa 8 ndi pomwe timaona kuti mowa ungathe kubweretsa mavuto. Inu mukuonapo bwanji?" Kenako tsekani pakamwa.

Musathamangire nkhani ya chiwindi. Munthu wa zaka 21 saopa matenda obwera ali ndi zaka 50. Lumikizani mowa ndi chomwe chamubweretsa lero, kaya ndi m'mimba mowotcha, kusowa tulo kapena bala la pachipumi, ndiponso ndi chomwe amachikonda: mpira, mayeso, njinga ya bwana yomwe akuopa kulandidwa. Ndalama ndi yomwe imalasa kwambiri. Mufunseni kuti Loweruka limodzi limamudyera zingati, mumupatse foni achulukitse yekha ndi 52. Ndinaonapo mnyamata akuyang'ana nambala yomwe yatuluka, n'kufufuta, n'kuwerengetsanso kachiwiri, kenako n'kunena chapansipansi kuti, "Ameneyu ndi malata a nyumba."

Mufunseni chomwe mowa umamupatsa. Ena ndi anzawo, ena ndi tulo, ena ndi kuiwala kuti anamaliza sukulu koma ntchito kulibe. Mukapanda kumva mbali imeneyi, malangizo anu agwera pamwala. Kenako funsani kuti, "Pa 0 mpaka 10, mwakonzeka bwanji kusintha?" Akati 4, musafunse chifukwa chomwe sananene 10. Funsani kuti, "Bwanji simunanene 1?" Apo ayamba yekha kutchula zifukwa zosinthira, ndipo zotuluka m'kamwa mwake ndi zomwe adzazikumbukire.

Malangizo a WHO omwe amayendera limodzi ndi AUDIT amati munthu asapitirire miyeso iwiri patsiku, ndipo pasabata pakhale masiku osachepera awiri osamwa. Muuzeni momveka kuti miyesoyi siisungidwa kuti idzamwedwe yonse Loweruka. Muuzeninso kuti malirewa ndi ochepetsa ngozi chabe: mu 2023 WHO inanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa womwe ulibiretu chiopsezo.

Asankhe yekha chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti ayese: kudya nsima asanapite, kunyamula ndalama ya mabotolo awiri okha, kukana zogulirana mozungulira, kusiya kachasu woyambira kunyumba, kusiya njinga pakhomo tsiku lomwa.

Chenjezo: mukaona kuti mwalankhula kwa mphindi zitatu osapumira, mwayamba ulaliki. Imani, mufunse funso.

## Gawo 8: Dziwani woyenera kutumizidwa

Tumizani amene wapeza malikisi 20 kapena kuposa, amene amamwa m'mawa kuti asiye kunjenjemera, amene anagwapo ngati wakhunyu atasiya mowa, woyembekezera amene akulephera kusiya, ndi amene wayesa kuchepetsa koma zakanika. Yambirani kwa namwino kapena clinical officer wa matenda a maganizo pachipatala chachikulu cha m'boma lanu. Kupitirira apo kuli Zomba Mental Hospital, komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Fotokozani kuti kupita kumeneko sikutanthauza misala, chifukwa ambiri amathawira pa dzina lokhalo.

Chenjezo lalikulu: munthu amene thupi lake lazolowera mowa musamuuze kuti asiye lero lomwe payekha kunyumba. Pakadutsa maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusanza. M'masiku awiri oyambirira akhoza kukomoka ngati wakhunyu, ndipo cha patsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe. Zimenezi zimapha. Ameneyu asiyire mowa m'manja mwa achipatala.

## Gawo 9: Lembani, mupangane tsiku

Lembani malikisi ndi zomwe mwagwirizana m'kaundula wanu. Buku lakuchipatala limapita kunyumba ndipo limatsegulidwa ndi aliyense, choncho mulembemo "AUDIT 12" basi. Panganani kuti abwerenso pakatha milungu iwiri kapena inayi, ndipo akabwera yambani ndi chomwe chatheka, ngakhale chitakhala Loweruka limodzi lokha.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kusawafunsa atsikana, kapena kuwafunsa monyoza. Mtsikana wakumwa amanenedwa mayina oipa m'mudzi, choncho amabisa kuposa mnyamata. Mufunseni ndi mawu omwewo, nkhope yomweyo.

Kulowetsa chipembedzo. Ngakhale mutakhala mkulu wa mpingo, m'chipinda chino ndinu wazaumoyo. Amene mpingo wake umaletsa mowa amavutika kale kuvomera, ndipo akamva kafungo ka chiweruzo, khomo latsekeka.

Kuuza makolo kapena abwana. Wa zaka 18 ndi munthu wamkulu. Mukaulula za mmodzi popanda chilolezo chake, anzake onse a m'deralo amva sabata isanathe, ndipo palibenso adzakuuzeni zoona.

Kugawa khadi kuti adzaze okha pamzere. Amaonerana, amaseka, ndipo amalemba mabotolo m'malo mwa miyeso.

Kukakamira kuti aliyense asiyiretu. Wa malikisi 10 amene watsika kuchoka pa miyeso 9 kufika pa itatu wachita zazikulu. Mukamuuza kuti sizikukwanira, sabweranso.

Kufunsa kenako osachitapo kanthu. Ichi ndi chomwe chimandipweteka kwambiri. Munthu wakuuzani kuti amadzuka osakumbukira za usiku, mwina ndinu woyamba kumva zimenezi, ndipo inu mwangolemba nambala n'kuitana wotsatira. Ngati mzere watalika moti simungathe kucheza naye, muuzeni malikisi ake, munene kuti akukudetsani nkhawa, ndipo mumulembere tsiku ndi ola loti abwerenso asanaimirire pampando.